Ola la 5 koloko ndi la ndani?

Pali buku lina lomwe silikusowa pakamwa pa anthu ofuna kutukuka masiku ano. Ena analigula kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu, ena akuliwerenga pafoni atatumiziridwa pa WhatsApp, ndipo ena sanalitsegule n'komwe koma amalitchula ngati vesi. Dzina lake ndi The 5 AM Club. Analemba ndi Robin Sharma wa ku Canada, yemwe kale anali loya, ndipo linatuluka mu 2018. Ndi yemwe uja analembanso The Monk Who Sold His Ferrari. Uthenga wake ndi umodzi: muzidzuka 5 koloko m'mawa, ola loyambalo likhale lanulanu, ndipo zonse zomwe mwakhala mukuzengereza, kaya kulemba ndakatulo, kuphunzira gitala kapena kujambula, ziyamba kutheka.

Ndalitenga sabata ino chifukwa dandaulo loti "nthawi ndilibe" ndi lomwe timalimva kawirikawiri muno. Inunso muli ndi kanthu kanu komwe munakayika padera zaka zapitazo, mukuti mudzakayamba ana akakula kapena ngongole ikatha. Ine changa ndi kujambula pamanja, pensulo ndi pepala, ndipo ntchito yanga ndi ya tomato ndi anyezi pamsika. Choncho bukuli ndaliwerenga ngati wodwala yemwe akufunadi mankhwala, osati wongofuna kutola zifukwa.

Sharma sanalembe malangizo ake mwachindunji, anawakulunga m'nkhani. Muli mayi wina wabizinesi yemwe anzake oyika ndalama akufuna kumulanda kampani, ndi bambo wina wojambula zithunzi ndi penti yemwe zake sizikuyenda. Awiriwa akumana kumsonkhano wa mlaliki wa zachitukuko, mlalikiyo akomoka ali pansanja, ndipo pomwepo adziwana ndi munthu wooneka ngati wogona mumsewu koma atavala wotchi yodula. Munthuyo ndi mpondamatiki, dzina lake Stone Riley. Ndiye awatumizira ndege, ulendo wa ku Mauritius, kenako India, Rome, Brazil mpaka South Africa, paliponse akuwaphunzitsa zodzuka m'mawa. Awiri aja akondana, akwatirana. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Kunena ngati owerenga nkhani, iyi ndi yofooka. Mayi ndi bambo aja alibe ngakhale maina, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kufunsa funso kuti mphunzitsi apeze poyambira, kenako kugwedeza mutu. Aliyense akatsegula pakamwa pamatuluka mawu a munthu wotchuka wakale, moti umachita kumva ngati uli pamwambo pomwe wolankhula aliyense akuti "sinditalikitsa" koma dzuwa likupendeka. Za wolemera wodzisandutsa wosauka ife timazidziwa kale m'nthano zathu, monga nkhalamba yazilonda ija yomwe imapempha mtsikana kuti aisambitse. Koma m'nthano, nkhalambayo imayesa mtima wa munthu, ndipo wonyansidwa nayo amalangidwa. Kwa Sharma palibe chomwe awiriwa ataya kapena kupirira kuti akwere ndegeyo. Angoti inde, basi ali kugombe la nyanja.

Koma mwina munganene kuti nkhaniyo ndi chikwama chabe, tione katundu. Katundu wake ndi uyu: ola la 5 mpaka 6 muligawe patatu. Mphindi 20 zoyamba muchite masewera olimbitsa thupi mpaka thukuta, mphindi 20 zachiwiri musinkhesinkhe, kupemphera kapena kulemba za mumtima, mphindi 20 zomaliza muphunzire kanthu. Muchite zimenezi masiku 66 ndipo zikhazikika.

Tiyambe ndi 5 kolokoyo. Mumzinda wa Toronto ku Canada, mwezi wa December dzuwa limatuluka nthawi itatsala pang'ono kukwana 8 koloko. Munthu wodzuka 5 koloko kumeneko amakhala ndi mdima wa maola pafupifupi atatu, misewu ili zii, ntchito yake ya muofesi ikudikira 9 koloko. Kuno kwathu mu November dzuwa limatuluka 5 koloko itangodutsa, ndipo ngakhale m'nyengo yozizira ya June silichedwa kwenikweni kupyola 6 koloko. Mlimi amakhala atafika kale kumunda kuti athawe kutentha. Wa kabaza ali kale pasiteji. Wokazinga mandasi anayatsa mbaula kukadali mdima bii. Ife opikula, 5 koloko imatipeza titazungulira galimoto yomwe yabwera ndi tomato wa ku Ntcheu kapena ku Dedza, chifukwa ukachedwa ndi theka la ola lokha umapeza madengu abwino atatengedwa, watsala wophwanyika yemwe pofika madzulo wasanduka msuzi. Ndiye ngati kudzuka 5 koloko kukanakhala chinsinsi cha anthu opambana, bwenzi ampondamatiki a dziko lino ali amayi a pamsika. Ola lomwe Sharma akuti ndi lopanda mwini, kwa ife ndi lomwe lili ndi eni ake ambiri kuposa ola lina lililonse.

Apa ndi pomwe pagona vuto langa lenileni ndi bukuli, ndipo ndikupemphani muliganizire ngakhale inu amene mumagwira ntchito ya muofesi ndipo 5 koloko yanu ndi yotheka. M'nkhani yonseyi muli anthu omwe amangodutsa ngati mithunzi: oyendetsa ndege, oyendetsa galimoto, ophika, okonza zipinda. Stone Riley akamasinkhasinkha m'bandakucha, chakudya chake cha m'mawa chikukonzedwa ndi munthu wina yemwe anadzuka kale iye asanadzuke. Bukuli silifunsa kuti munthu ameneyo ola lake analisiya kuti. Zomwezo zili m'nyumba zathu. Bambo angathe kudzuka 5 koloko, kuthamanga, kuwerenga, kulemba mizere ingapo, chifukwa pa ola lomwelo mayi akutenthetsa madzi osamba, akuphika phala, akufunafuna sokosi ya mwana yomwe yasowa. Mayi wa ntchito yabwino angathenso kutero, chifukwa pali kamtsikana kochokera kumudzi komwe kakusesa panja. Sindikunyoza aliyense, eti moyo ndi mmene ulili. Koma buku lomwe limakuuzani kuti kusiyana kwa wopambana ndi wolephera ndi mphamvu ya mtima pa nthawi yomwe alamu yalira, popanda kutchula manja omwe amasula ola limenelo, likunamiza onse awiri. Wa olayo amadziyesa ngwazi, wopanda olayo amadziyesa mlesi. Ndipo pa awiriwa, wachiwiriyu ndi amene amandimvetsa chisoni, chifukwa amatseka bukulo atatopa kuposa mmene analitsegulira.

Za masiku 66 nazo n'zofunika kuziunika. Nambalayi inachokera ku kafukufuku wa ku University College London, yemwe anatsogolera ndi Phillippa Lally, pa anthu 96 omwe ankayesa kuzolowera zinthu zing'onozing'ono monga kumwa madzi kapena kudya chipatso pa nkhomaliro. 66 inali ya pakatikati chabe. Ena zinawatengera masiku 18, ndipo ena kuwerengera kwake kunafika masiku 254. Sharma watenga nambala ya pakatiyo n'kuisandutsa lamulo, mpaka kuigawa m'zigawo zitatu za masiku 22, ngati mlingo wa mankhwala a kuchipatala. Chomwe chikanathandiza munthu ngati inu ndi ine pa kafukufuku yemweyo ndi china: anapeza kuti kudumphitsa tsiku limodzi sikugwetsa chizolowezi. Kwa munthu yemwe sabata yake ingasokonezedwe ndi maliro, mwana wodwala kapena mvula, uwo ndiye uthenga woyenera kulembedwa ndi zilembo zazikulu.

Ndisamudyere munthu zake zonse. Pali ziwiri zomwe Sharma wanena zoona, ndipo zimaluma. Choyamba ndi foni. Iye amalimbikira kuti zipangizo zimenezi zikutidyera maganizo, ndipo apa palibe chotsutsa. Yendani pamsika uliwonse cha m'ma 2 koloko masana, muone mitu yawerama pa mabenchi. Si tulo ayi, ndi TikTok ndi Facebook, bandulo yomwe tagula ndi phindu la milu iwiri ya tomato. Ife omwe timati nthawi tilibe, foni ikanakhala ndi pakamwa ikanatichititsa manyazi. Chachiwiri ndi choti musankhe chinthu chimodzi. Ali ndi lamulo lina loti kwa masiku 90, mphindi 90 zoyambirira za ntchito muzipereke ku chinthu chimodzi chokha. Mphindi 90 zotsatizana ine ndilibe, koma mfundo ya chimodziyo ndi yabwino. Ambirife timafuna kujambula, kulemba buku, kuphunzira kusoka ndi kubwereza mayeso a Fomu 4 chaka chimodzi chomwecho, mapeto ake palibe chomwe chayambika. Komanso, kuti tisamunamizire, sakunena kuti muzidula tulo. Amati muzigona msanga. Kungoti wotseka benchi 7 koloko usiku, kukwera minibasi, kuphika ndi kutsuka mbale, msanga wake ndi 10 koloko.

Tsopano ku chomwe chinandikokera ku bukuli. Nditamva kuti mmodzi mwa anthu ake ndi wojambula, ndinayembekezera kumuona akulimbana ndi ntchito yake. Koma munthuyu ndi wojambula wa pakamwa. Timamva zoti ali ndi luso, kumapeto timamva zoti watchuka, koma pakati ponsepo nthawi yake ikuthera kumvera maphunziro m'malo okongola. Simumva fungo la penti, simuona chithunzi chokana kutuluka bwino chomwe chikumusowetsa mtendere. Izi si zazing'ono, chifukwa mtundu wa nthawi yomwe munthu amafuna umadalira ntchito yomwe akufuna kuchita. Wolemba yemwe sanayang'ane mmene kujambula kumaphunziridwira sangakuuzeni nthawi yomwe kumafuna.

Yerekezani ndi buku la Betty Edwards, mphunzitsi wa ku America, lotchedwa Drawing on the Right Side of the Brain, la mu 1979. Zomwe amanena zokhudza mbali ya kumanja ndi ya kumanzere ya ubongo akatswiri a masiku ano amati anazifewetsa mopitirira, koma zochita zomwe amapereka zimagwira. Mfundo yake ndi yoti vuto la wophunzira si dzanja, ndi diso. Ukamajambula kapu, mutu umathamanga kukuuza kuti kukamwa kwa kapu ndi kozungulira, ndiye umajambula zomwe ukudziwa m'malo mwa zomwe ukuona. Pofuna kuupusitsa mutuwo, Edwards amapatsa ophunzira chithunzi chomwe Picasso anajambula cha woimba Igor Stravinsky, n'kuwauza kuti achizondotse, mutu pansi, achikopere chili chomwecho. Poti sukuzindikiranso kuti ili ndi dzanja kapena ili ndi kolala, umangotsata mzere mmene wapitira, ndipo ambiri amadabwa kuti chatuluka bwino kuposa chomwe akanajambula chili chilili. Amaphunzitsanso kujambula mipata ya pakati pa miyendo ya mpando m'malo mwa mpandowo, ndi kujambula dzanja lako osayang'ana papepala.

Mwaona kusiyana kwake? Zochita ngati zimenezi zimafuna kuwala kwabwino, chinthu choti uchiyang'ane, ndi mtima wodekha kwa kanthawi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. 5 koloko ya m'nyumba ya lendi, magetsi atazima, ana atagona pamphasa pomwe ukanayika pepala, ilibe chilichonse mwa zimenezi. Pomwe pamsika masana zonse zilipo. Anthu ogula za nkhomaliro akatha cha m'ma 1 koloko, pamakhala bata mpaka cha m'ma 4 pomwe oweruka kuntchito amayamba kufika. Dzuwa lili pamwamba, ndipo patsogolo pako pali mulu wa tomato anayi, atatu pansi mmodzi pamwamba, aliyense ndi mthunzi wake. Pali dengu, pali sikelo ya mnzako wa nyemba, pali mwana wagona kumsana kwa amake. Pepala nalo silisowa, makatoni omwe timalembapo mitengo kuseri kwake kumakhala koyera. Ndipo ndikuuzeni, diso la wogulitsa ndi lophunzira kale. Munthu yemwe amatha kuona patali kuti tomato uyu afika mawa, uyu ayenera kutuluka lero, amayang'ana zinthu mozama kuposa mmene amadziwira. Chimodzimodzi telala yemwe amakuyeza ndi maso usanavule jekete, kapena kalipentala woona kuti thabwa lapindika.

Koma musaganize kuti nthawi ya masanayi ndi yaulere, ndingakhale ndikuchita zomwe ndikumudzudzula nazo Sharma. Ili ndi mtengo. Kasitomala sakonda wogulitsa woweramitsa mutu. Akafika pa mzere wa mabenchi khumi a tomato wofanana, amapita kwa yemwe wamuyang'ana n'kumuitana kuti "bwerani aunt, ndikuikirani ka pulaizi". Mphindi 15 zomwe maso ako ali pakatoni zingathe kukhala milu iwiri kapena itatu yomwe yapita kwa mnzako, ndipo tomato sadikira mawa. Chiphaso cha msika chimadulidwa kaya wagulitsa kaya sunagulitse. Pamwamba pa izo pali pakamwa pa anthu. Mwamuna akakhala pa bawo masana onse palibe amene amafunsa, koma mayi wa ana atatu akagwira pensulo, mawu amayamba: "Mwabwerera ku Sitandade 1?" Ena amabwera n'kuima kumbuyo kwako, ena amati "ndijambuleni ine", ndipo chikatuluka mphuno yopita kumbali nkhani imafika mpaka kwa ogulitsa usipa. Kupirira chiseko chimenechi pa miyezi yomwe zojambula zako zikadali zonyansa ndi ntchito yolemera kuposa kudzuka m'mawa. M'buku la Sharma wophunzira amabisala m'chipinda chake mpaka atakhala katswiri. Ambirife chipinda chimenecho tilibe, timaphunzira anthu akuona.

Anthu omwe anachitadi zimenezi alipo, ndipo mbiri zawo zimaphunzitsa zambiri kuposa mpondamatiki wopeka. Clementine Hunter wa ku Louisiana ku America anakulira m'minda ya thonje, kenako anakhala wophika pa famu yotchedwa Melrose. Sankadziwa kulemba kapena kuwerenga. Anayamba kujambula ali ndi zaka za m'ma 50, ndi penti yomwe mlendo wina wojambula, Alberta Kinsey, anasiya pamalopo. Ankajambula usiku ntchito ya eni nyumba ikatha, pa chilichonse chomwe wapeza, makatoni, mabotolo, nsalu zotchinga mawindo. Zithunzi zake ndi za zomwe ankazidziwa: kukolola thonje, kuchapa, ubatizo, maliro. Zoyamba ankagulitsa masenti 25. Anamwalira mu 1988 atapitirira zaka 100, atasiya zithunzi zikwizikwi. Koma taonani, pambali pake panali François Mignon, yemwe ankamulimbikitsa ndi kumupezera zipangizo. Sanali yekha.

Pafupi ndi kwathu kuno, Edward Saidi Tingatinga wa ku Tanzania anayamba mu 1968 ku Dar es Salaam, ndi penti ya njinga pa timatabwa ta siling'i, akujambula nyama ndi mbalame, uku akugwira ntchito zina zopezera chakudya. Anangojambula zaka zinayi zokha, chifukwa mu 1972 anaomberedwa ndi apolisi omwe anamuyesa munthu wina. Lero dzina lake ndi dzina la mtundu wonse wa zojambula, ndipo chinapulumutsa lusolo ndi choti anali ataphunzitsa abale ake omwe anapitiriza. Ngakhale Nelson Mandela, yemwe Sharma amatengera anthu ake ku Robben Island kuti akaone chipinda chomwe anatsekeredwamo, anadzagwira makala ojambulira cha mu 2002, ali ndi zaka zoposa 80, n'kujambula malo a pachilumbapo. Wina usiku, wina pakati pa maganyu, wina atapuma ntchito. Palibe ola limodzi lomwe likuwagwirizanitsa.

Chomwe ndikuchiona mwa Hunter ndi Tingatinga, chomwe mu The 5 AM Club mulibe ngakhale tsamba limodzi, ndi choti nthawi ya munthu wosauka imachokera kwa anthu anzake. Sharma amaona nthawi ngati chuma chobisika m'thumba mwako chomwe ukungoyenera kuchitulutsa. Pamsika timaidziwa mwina: imabwerekedwa ndipo imabwezedwa. Mawu oti "tandionerani pang'ono" ndi omwe amayendetsa msika. Ukapita kukapemphera, kukayamwitsa kapena kuchimbudzi, woyandikana nawe amakugulitsira, ndalama amakuikira pansi pa thumba, ndipo mawa iwe umamuchitira chimodzimodzi. Tili ndi chipereganyu cha ndalama, tili ndi banki m'khonde, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Chomwe sitinazolowere ndi kupemphana nthawi pa chinthu chomwe si maliro, si matenda, si tchalitchi. Kuuza mnzako kuti "mundionere theka la ola Lachiwiri ndi Lachinayi, ndikufuna ndizijambula, ine ndidzakuonerani Lachitatu ndi Lachisanu" kumamveka ngati mwano, chonsecho n'chimodzimodzi ndi zomwe timachita kale. Kunyumba nako ndi momwemo. Funso lomwe lingamasule ola la mayi si loti alamu ailize nthawi yanji, ndi loti Loweruka madzulo mbale atsuka ndani, ndipo funso limeneli limafunsidwa kwa munthu, maso ndi maso, mwina mpaka kukangana.

Inu abambo a muno amene bukuli linakuthandizani, sindikukutsutsani, ndipo ndakatulo zomwe mumalemba m'bandakucha timaziwerenga ndi kuzikonda. Mawa alamu ikalira, mungotchera khutu kukhitchini mumve ngati simukulira kale mapoto. Ngati akulira, mufunse mwini mapotowo chomwe ankakonda kuchita ali ku sekondale. Mwina mupeza kuti mapu a Malawi omwe anapachikidwa m'kalasi mwawo chaka chonse, nyanja yopakidwa ndi choko cha buluu, anajambula ndi iwowo.